Penshoni ikakakamira panjira: mmene mungailondolere pochoka ku thumba lina kupita ku lina

Alamu anga anasiya ntchito pakampani ina ya ku Chinika, mu Lusaka, kumapeto kwa Febuluwale, n'kukayamba ina cha ku Great East Road. Malipiro omaliza analandira, masiku atchuthi anawalipira, kiyi wa kabati anabweza. Chinatsala n'chimodzi: ndalama za penshoni zimene ankadulidwa kwa zaka 9, zoti zichoke ku thumba la kampani yakale zikalowe ku thumba la kampani yatsopano. Anawauza kuti ndi nkhani ya masabata ochepa chabe. Ndalamazo zinafika mu Seputembala, mphepo ya Ogasiti itamaliza kale kumwaza fumbi mu Chilenje monse.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa choti kunyumba kwanga kuli printa, ndiye pepala lililonse linkadzera kwa ine. Pa miyezi yonseyo, yankho limene tinkamva kwambiri linali lakuti "zili mu system". Koma nthawi iliyonse imene tinafufuza bwinobwino, tinkapeza kuti fayilo ili patebulo la munthu winawake, ikudikira pepala limodzi limene palibe anatiuza kuti likufunika. Ndiye malangizo ali m'munsiwa cholinga chake n'choti muzidziwa tebulo limene fayilo yanu yagona, ndi pepala limene ikudikira.

Choyamba, dziwani penshoni imene mukunena

Ambiri timangoti "penshoni yanga" ngati ndi chinthu chimodzi. Ya NAPSA, bungwe la boma loyendetsa penshoni ya dziko lonse la Zambia, sisamuka. Nambala yanu ndi yomweyo moyo wonse, abwana atsopano amangopitiriza kudula 5 peresenti pamalipiro anu, iwo n'kuwonjezerapo 5 ina, ndipo ziyenera kufika ku NAPSA pasanadutse pa 10 mwezi wotsatira. Chimene mungachite kumeneko n'kungolowa pa tsamba la NAPSA la pa intaneti kuona ngati miyezi yonse ilipo. Ya 20 peresenti ya zosonkha zawo ija imene anthu anayamba kutapa asanapume pantchito mu Epulo 2023 ndi ya NAPSA yomweyo, musapite nayo ku thumba la kampani n'kumati nanunso akupatseni. Anthu a PSPF ndi LASF, matumba a antchito a boma ndi a makhonsolo, nawonso ali ndi malamulo awoawo.

Imene tikunena pano ndi ina ija: thumba limene kampani yanu inakhazikitsa, kapena limene makampani ambiri amasonkhamo pamodzi, kapenanso penshoni imene munatsegula nokha kukampani ya inshuwalansi. Matumba otere amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, imene aliyense amangoti PIA, potsatira lamulo la Pension Scheme Regulation Act la 1996, limene linakonzedwanso mu 2005. Lamuloli limapatsa membala amene akuchoka m'thumba nthawi yopuma isanakwane ufulu wonyamula zimene wasonkha. Choncho musamapemphe ngati mukupempha mchere kwa aneba. Ndi zanu.

Funsaninso mtundu wa thumba lanu. Ngati ndi la defined contribution, ndalama zanu ndi zimene munasonkha inu, zimene anasonkha abwana, ndi phindu limene zinabala. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Ngati ndi la defined benefit, lija lolonjeza penshoni potengera malipiro ndi zaka zimene mwagwira, pamafunika katswiri wotchedwa actuary kuti awerenge mtengo wa lonjezolo lero. Limenelo limachedwa mwachibadwa, ndipo kukalipa sikulifulumizitsa.

Chachiwiri, dziwani amene ali ndi mbali

Thumba la penshoni silikhala m'manja mwa munthu mmodzi. Pali ma trustee, amene mwalamulo ndiwo eni udindo wosunga ndalama za mamembala ndipo ndiwo amavomereza kuti ndalama zituluke. Pali administrator, amene amasunga kaundula wa mayina ndi zosonkha, ndipo ndiye amawerengera zanu. Pali fund manager, amene amaika ndalamazo m'mabondi a boma, m'masheya a pa LuSE (msika wa masheya wa ku Lusaka), m'nyumba zobwereketsa ndi zina. Palinso custodian, kawirikawiri banki, amene amasunga chumacho. Pamwamba pa onsewa onjezerani a HR a kampani imene mwachoka, amene m'malamulo sakhala ndi dzina lalikulu koma ndi amene fomu yanu imayambira kwa iwo.

Tengani dzina la administrator, imelo yake, ndi nambala yanu ya umembala. Zimapezeka pa sitetimenti imene mumayenera kumalandira chaka ndi chaka. Alamu anga yawo anaipeza m'chikwama chakale, pakati pa makhadi a sikelo a ana.

Chachitatu, fananitsani sitetimenti ndi mapeyisilipi musanalembe fomu iliyonse

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo nthawi, chifukwa ndi pamene ife tinataya miyezi iwiri.

Pemphani sitetimenti yosonyeza zosonkha mwezi ndi mwezi, osati ija yongolemba chiwerengero chimodzi pansi. Yalani mapeyisilipi anu patebulo, tengani pensulo, muzichonga mwezi uliwonse. Ife tinachita zimenezi usiku wina magetsi atathima, nyali ya foni itatsamira pa botolo la Mazoe, alamu akuwerenga mokweza ine ndikuchonga. Tinafika pa Novembala, Disembala ndi Januwale omaliza: pa peyisilipi ndalama zinadulidwa, pa sitetimenti palibe kanthu. Kampani inadula koma inali isanatumize ku thumba.

Zimenezi zimachitika kwambiri kampani ikapanikizika, ndipo wantchito sadziwa chifukwa iye amangoona kuti adulidwa. Vuto lake ndi lakuti administrator sangatseke akaunti yanu pamene zosonkha zina zikanali panjira. Amadikira. Ndipo podikirapo sakuimbirani foni, chifukwa kwa iye ngongoleyo ndi ya kampani, si yanu. Inu mumangomva kuti "zikukonzedwa".

Mukapeza mpata wotere, lemberani kampani yakale, kope lipite kwa ma trustee ndi kwa administrator. Tchulani miyezi ndi ndalama zake, phatikizani mafotokope a mapeyisilipi. Kenako funsani administrator funso ili: kodi n'zotheka kusamutsa zimene zilipo tsopano, zotsalazo zidzatsatire pambuyo? Matumba ena amalola, ena salola. Koma mukapanda kufunsa, palibe adzakuuzeni.

Ngati munayamba ntchito chaka cha 2013 chisanafike, kumbukirani kuti pa 1 Januwale chaka chimenecho kwacha inachotsedwa maziro atatu. K250,000 ya pa peyisilipi ya 2012 ndi K250 pa sitetimenti ya lero. Musathamangire kukalipa kuti akuberani. Komanso yang'anitsitsani miyezi yozungulira nthawi imeneyo, chifukwa pamene anthu ankasintha manambala ndi manja, ziro mmodzi sachedwa kusochera.

Chachinayi, dzina ndi reji

Onetsetsani kuti dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya reji (chitupa cha unzika, NRC) n'zofanana m'malo atatu: pa reji penipeni, m'kaundula wa thumba lakale, ndi m'kaundula wa thumba latsopano. Ng'oma ndi Ngoma kwa ife ndi munthu mmodzi, koma kwa kalaliki wosamala ndi anthu awiri. Chimodzimodzinso amayi amene analembetsa ntchito ndi dzina la bambo awo n'kudzatenga la amuna awo, kapena amene reji inatayika n'kupatsidwa ina dzina litalembedwa mosiyana pang'ono. Pakakhala kusiyana, konzeranitu setifiketi ya ukwati kapena afidaviti yosainidwa ndi Commissioner for Oaths. Tenganinso TPIN yanu, nambala ya msonkho ya ku ZRA (bungwe lotolera misonkho), muzikhala nayo pafupi.

Chachisanu, yambirani kumene ndalama zikupita

Anthu ambiri amayamba n'kuuza thumba lakale kuti litulutse ndalama, asanafunse ngati latsopano lakonzeka kulandira. Chitani mosemphanitsa. Pitani ku thumba latsopano, mutsimikize kuti mwalembedwa kale ngati membala ndipo muli ndi nambala. M'makampani ena munthu salowa m'thumba mpaka atamaliza miyezi ya probation, ndiye ngati mukanali pamenepo, ndalama zanu zilibe poti zikafikire.

Pemphani kalata yosonyeza kuti avomera kulandira ndalama zanu. M'kalatamo mukhale dzina lonse la thumba, akaunti yake ya kubanki, nambala yanu ya umembala, ndi mawu amene wotumiza ayenera kulemba potumiza ndalamazo. Pemphaninso kope la setifiketi yosonyeza kuti thumbalo linalembetsedwa ku PIA ndiponso kuti ndi lovomerezeka ku ZRA. Ma trustee a thumba lakale ali ndi chifukwa chomveka chofunira zimenezi: akatumiza ndalama zanu kumalo olakwika, mlandu ndi wawo.

Ndipatukeko pang'ono. Ngati amene akukukokani kuti musamuke ndi munthu amene anakupezani pa WhatsApp n'kumalonjeza phindu loposa la wina aliyense, imani kaye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Imbani ku PIA mufunse ngati kampani yakeyo ili ndi chilolezo. Funsaninso ndalama zimene azikudulani pachaka, komanso ngati pali chindapusa chotulukira kumene muli. Nthawi zina kusiya ndalama pomwe zili, ngati malamulo a thumba akulola, kumaposa kuzisuntha.

Chachisanu ndi chimodzi, fomu ndi chidindo

Fomu yotulukira imakhala ndi mbali yanu ndi mbali ya abwana. Inu mumasankha chochita ndi ndalama, abwana amatsimikiza tsiku limene munasiya ntchito ndi mwezi womaliza kusonkha, n'kudinda. Lembani mbali yanu yonse, osasiya kabokosi kopanda kanthu. Pamene sipakukukhudzani, lembani mzere.

Ndiyeno chitani ichi, ngakhale chioneke ngati kusakhulupirira anthu: jambulani fotokope ya zonse, ndipo amene walandira adinde pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Patatha sabata imodzi, musafunse a HR kuti "zili pati". Lemberani administrator mwachindunji mufunse ngati fomu yafika, ndi tsiku limene inafika. Ya alamu anga inakhala masabata asanu m'thireyi ya ku HR, pansi pa mafomu a tchuthi, chifukwa amene amasaina anali atapita kumaliro ku Petauke, ndipo atabwera palibe anawakumbutsa. Panalibe njiru iliyonse. Kungoti munthu ukachoka pakampani, fayilo yako imakhala ya mlendo.

Ngati akulolani, nyamulani nokha fomu yodindidwayo mukaisiye kwa administrator. Ndalama ya minibasi imeneyo simudzaidandaula.

Chachisanu ndi chiwiri, kulondola

Gulani kabuku ka masamba ochepa, kapena tsegulani tsamba mufoni. Nthawi iliyonse mukaimba kapena kupita, lembani tsiku, amene mwalankhula naye, ndi chimene wanena. Mukamaliza kulankhula pafoni, tumizani imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana. Mawu a pafoni amauluka, imelo imakhala.

Mafunso ake akhale okhwima. "Zili pati?" amayankhidwa ndi "tikukonza". M'malo mwake funsani kuti: fayilo yanga ili kwa ndani lero? Ikudikira chiyani? Chimenecho ayenera kubweretsa ndi ndani, ndipo pofika liti? Alamu anga, amene ndi munthu waulemu kwambiri, poyamba ankangoti, "Pepani bwana, ndimati ndingomva ngati pali chatsopano." Tsiku limene anati, "Amayi, ndithandizeni, pepala limene likusowa ndi liti kuti ndikalitenge ndekha?" ndi limene anauzidwa za miyezi itatu ija, imene ife tinali titaiona kale koma osadziwa kuti ndiyo yaimitsa zonse.

Ulemu musausiye. Kalaliki amene mukulankhula naye kawirikawiri si amene wachedwetsa, koma ndi amene angakuuzeni zoona akakuonani kuti simunabwere kudzamenyana.

Kuchedwa kwina n'koona

Si kuchedwa konse kumene kuli ulesi. Ndalama zanu sizikhala m'sefa zikudikira inu. Zili m'mabondi, m'masheya ndi m'ma Treasury bill a masiku 91, 182, 273 kapena 364, ndipo fund manager amafunika kupeza ndalama zenizeni zoti atumize. Matumba ambiri amawerengera mtengo wa chuma chawo kamodzi pamwezi, ena pa miyezi itatu iliyonse. Fomu ikafika tsiku lowerengera litangodutsa, imadikira lotsatira. Ena amalengeza phindu la chaka pokhapokha owerengera mabuku atamaliza ntchito yawo, ndiye amene akuchoka kumayambiriro kwa chaka amauzidwa kuti adikire kapena alandire pa mlingo wongoyembekezera.

Funsani masiku amenewa pachiyambi pomwe. Funsaninso funso limene anthu ochepa amafunsa: pa nthawi imene ndikudikirayi, ndalama zanga zikubalabe phindu kapena zinaima tsiku limene ndinasiya ntchito? Ngati anazichotsa m'mabondi mu Malichi n'kuzitumiza mu Seputembala, pakati apo zinangokhala, pamene mtengo wa thumba la ufa sunangokhala. Yankho likhale lolembedwa, chifukwa ndilo mudzagwiritse ntchito podandaula.

Pa mwezi wachinayi kapena wachisanu, mtima umayamba kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, bola angondipatsa m'manja. Alamu anga anafika pamenepo, makamaka fizi ya temu yachiwiri itayandikira ndipo wa kaloba akuwamwetulira pa geti. Ine maganizo anga ndi akuti musasinthe chosankha chifukwa chotopa. Kusintha kumatanthauza fomu ina ndi mzere wina, ndipo chimene chinaimitsa fayilo yoyamba chidzaimitsanso yachiwiri. Ngati mukufunadi kutenga, pemphani kaye akulembereni zimene malamulo a thumba amalola kutenga, msonkho umene udulidwe, ndi zimene zitsale. Muone manambalawo ndi maso musanasaine.

Kudandaula

Ngati mapepala onse anakwana, tsiku limene analonjeza ladutsa, ndipo palibe chifukwa chomveka, lembani dandaulo kwa ma trustee kudzera kwa mlembi wawo kapena principal officer. Kalatayo mudzalemba m'Chingerezi monga mmene maofesi athu amafunira, koma ikhale ya tsamba limodzi: dzina, nambala ya umembala, tsiku limene munasiya ntchito, tsiku limene fomu inalandiridwa, masiku amene munalondola, ndi chimene mukufuna. Nenani tsiku limene mukuyembekezera yankho, mwachitsanzo pakatha masiku 14, ndipo nenani kuti likadutsa mupita ku PIA. Ngati kuchedwako kwakutayitsani phindu, pemphani kuti aliwerengere n'kulibweza.

Likadutsadi, pitani. Ofesi ya PIA ili ku Rhodes Park konkuno ku Lusaka, ndipo kumva madandaulo a mamembala ndi imodzi mwa ntchito zake. Nyamulani kalata ija, makope odindidwa, maimelo ndi kabuku kanu. Adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kuthumba kwenikweniko, n'chifukwa chake kalata yoyambayo ili yofunika. Ife sitinafike kumeneko. Kalata itangofika kwa ma trustee, miyezi itatu ija inalipidwa sabata yotsatira.

Kwa amene penshoni yawo ili ku UK

M'Lusaka muno muli manesi, aphunzitsi ndi ena amene anagwirako ntchito ku UK n'kusiya penshoni kumeneko. Malamulo ake ndi a komweko, PIA ilibe nawo mbali. Kuyambira pa 30 Novembala 2021, kampani ya penshoni ya ku UK ili ndi mphamvu yoimitsa kusamutsa ikaona zizindikiro za chinyengo, ndipo pa zizindikiro zina imakutumizani kaye kukalankhula ndi a MoneyHelper, opereka malangizo a zandalama, musanapitirire. Ngati penshoniyo ndi ya defined benefit ndipo mtengo wake ukuposa £30,000, lamulo limafuna kuti mulandire kaye uphungu kwa mlangizi wovomerezeka ndi FCA, bungwe loyang'anira zandalama kumeneko. Penshoni ya NHS, ya ogwira ntchito m'zipatala za boma, kuyambira mu Epulo 2015, kawirikawiri siloledwa kusamukira ku thumba la defined contribution. Kuitulutsa kunja kwa UK kumafuna kuti thumba lolandira likhale la mtundu wa QROPS, kutanthauza thumba lakunja lokwaniritsa malamulo a msonkho a ku UK, ndipo nthawi zina pamadulidwa msonkho wa 25 peresenti. Podandaula, mumayamba ndi kampaniyo, ndipo ngati ndi penshoni yotsegula nokha, ikapanda kuyankha mokhutiritsa pa masabata 8 mukhoza kupita kwa Financial Ombudsman Service. Palinso Pensions Ombudsman. Chimene chimachedwetsa kwambiri anthu a kuno ndi adiresi yakale: makalata amapitabe ku nyumba imene munachokamo kalekale. Sinthani adiresi ndi imelo musanayambe china chilichonse.

Akati zatumizidwa, ntchito sinathe

Tsiku limene administrator wakale adzakuuzeni kuti ndalama zapita, pemphani proof of payment (umboni woti atumiza) ndi kalata yosonyeza mmene awerengera: zosonkha zanu, za abwana, phindu, ndi chilichonse chimene adula. Pakati pa mabanki a m'dziko muno ndalama sizitenga masabata. Zikapanda kuoneka pa akaunti yanu yatsopano pakatha masiku ochepa, ndiye kuti zafika koma sakudziwa mwini wake.

Ndi mmene zinachitikira kwa ife. Wotumiza analemba dzina la thumba lakale lokha, nambala ya umembala osalembapo. Ndalama zinakakhala mu suspense account, mmene amaunjikamo ndalama zosowa mwini, kwa masabata atatu, kwinaku alamu akuuzidwa kuti "sitinalandire kanthu". Tinasindikiza proof of payment ija, iwo anakwera basi kukaipereka pamanja, ndipo mtsikana wa pa desiki anaipeza pasanathe mphindi 10.

Pemphani sitetimenti yatsopano yosonyeza ndalama zimene zalowa, mufananitse ndi kalata ya kwakale mpaka ngwee yomaliza. Kenako, musanatuluke muofesimo, pemphani fomu yolembapo anthu odzalandira ndalamazi inu mutamwalira. Imeneyi sisamuka pamodzi ndi ndalama. Alamu anga atafunsa, anapeza kuti ya kuthumba latsopano inali yosalembedwa n'komwe, ndipo ya kwakale inali ikadali ndi dzina la bambo awo amene tinaika m'manda zaka zinayi zapitazo. Anabwereka cholembera pa desiki pomwepo, n'kuimbira mkazi wawo kuti awawerengere masiku obadwa a ana.